Kakonzedwe ndi Kasamalidwe ka Zida Zoikira Lenzi M'diso la Ng'ala

Ng'ala ikachotsedwa m'diso, dokotala amaikamo lenzi yopangidwa kufakitale kuti igwire ntchito imene lenzi yachibadwa inkagwira isanachite mbuu. Kulowetsa lenziyo kumatenga mphindi imodzi kapena ziwiri zokha, koma mphindi zimenezo zimadalira ntchito ya maola ambiri imene imachitikira pa tebulo la zida, pa sinki yotsukira ndi pa makina ophikira zida. Malangizowa ndalembera anamwino ndi ena onse amene angoyamba kumene kuthandizira m'fiyeta ya maso. Sakulowa m'malo mwa kuphunzira pambali pa munthu wodziwa, komanso sakuposa malangizo a kampani imene inapanga chida chilichonse, koma akulongosola dongosolo la ntchitoyo ndi zifukwa zake.

Musanagwire chida chilichonse, dziwani malo amene chikupita. Lenzi yachibadwa imakhala m'kathumba koonekera, kuseri kwa chakuda cha diso, ndipo pa opaleshoni dokotala amatsegula kathumbako kutsogolo, n'kuchotsa zam'kati, n'kusiya khoma lakumbuyo kuti lenzi yatsopano ikhalepo. Khoma limenelo pakati pake n'lopyapyala pafupifupi ma micron 4, kutanthauza kuti tsitsi limodzi la pamutu likulipitirira kukhuthala koposa kakhumi. Kutsogolo kuli galasi la diso lotchedwa cornea, limene m'kati mwake muli mzere umodzi wokha wa maselo ogwira ntchito yopopa madzi kuti galasilo likhale loyera. Munthu wamkulu amakhala ndi maselo amenewa pafupifupi 2,500 pa milimita imodzi mbali zonse zinayi, ndipo akafa sabadwanso ena. Pakati pa khoma lija ndi maselowa pali mpata wa mamilimita ochepa chabe, ndipo zida zonse zimene tikambirane zimayenda mumpata umenewo.

Mtundu wa zida umatsatira mtundu wa lenzi. Lenzi yoyamba inaikidwa ndi Harold Ridley pa chipatala cha St Thomas' ku London pa 29 November 1949, ataona kuti tizidutswa ta pulasitiki ya mawindo a ndege timene tinalowa m'maso mwa oyendetsa ndege za nkhondo tinkakhalamo osatupitsa diso. Pulasitiki imeneyo ndi PMMA, ndipo ndi youma, siipindika, choncho lenzi yake imafuna khomo lalikulu kuposa m'lifupi mwake. Mu 1967 Charles Kelman wa ku New York anayambitsa njira ya phaco, imene imaswa ng'ala ndi kunjenjemera kwa kansonga ka makina n'kuiyamwa kudzera pa kabala kakang'ono, koma phindu la kabalako linaoneka bwino m'ma 1980 Thomas Mazzocco atabweretsa lenzi yofewa yotha kupindidwa. Lero njira zonse ziwiri, ya lenzi youma ndi ya lenzi yopinda, zilipo. M'zipatala zambiri za kuno kwathu, kumene odwala amafika ng'ala itakhwima mpaka kuyera, njira yofala ndi ya bala laling'ono losasoka yotchedwa SICS, ndipo inafalikira chifukwa malenzi a PMMA anatsika mtengo pamene Aurolab inayamba kuwapanga ku Madurai m'dziko la India mu 1992, kenako mafakitale othandizidwa ndi Fred Hollows Foundation ku Asmara ndi ku Kathmandu. Choncho ndiyamba ndi tebulo la SICS, kenako ndifike pa lenzi yopinda.

Kusankha ndi kutsimikiza lenzi

Ntchito yoyamba imachitika wodwala asanagone. Mphamvu ya lenzi imachokera pa miyeso iwiri, kupindika kwa cornea kumene kumayezedwa ndi keratometer, ndi kutalika kwa diso kumene kumayezedwa ndi makina a A-scan, ndipo diso la munthu wamkulu nthawi zambiri limatalika mamilimita 23 kapena 24. Masamu akale a SRK amaonetsa bwino mmene zinthuzi zimagwirizanirana: pa nambala ya A imene yalembedwa pa bokosi la lenzi mumachotsapo kutalika kwa diso mutakuchulukitsa ndi 2.5, n'kuchotsanso kupindika kwa cornea mutakuchulukitsa ndi 0.9. Ngati A ndi 118.0, kutalika ndi 23.5 ndipo kupindika ndi 43.5, yankho limafika pa 20.1, ndiye kuti lenzi ya +20.0 ndi imene ili pafupi. Makina amasiku ano amagwiritsa ntchito masamu olondola kuposa amenewa, koma chitsanzochi chikuthandizani kuona kuti kulakwitsa milimita imodzi yokha poyeza kumasokoneza mphamvu ndi ma dioptre (muyezo wa mphamvu ya lenzi) awiri ndi theka, ndiponso kuti malenzi awiri olembedwa +21.0 sangalowerane m'malo ngati nambala yawo ya A ikusiyana.

M'fiyeta mulowe lenzi ya wodwala amene wagonayo basi, pamodzi ndi malenzi ake odikirira pangozi. Chizolowezi choika mabokosi a odwala onse a tsikulo pa shelefu imodzi pafupi ndi tebulo ndimachikana, chifukwa mabokosi a kampani imodzi amafanana, ndipo ikafika ntchito ya khumi ndi chisanu maso amakhala atatopa. Musanatsegule, werengani mokweza dzina la wodwala, diso la kumanja kapena la kumanzere, mphamvu ya lenzi, mtundu wake ndi tsiku lothera ntchito, ndipo dokotala avomereze akuyang'ana pa fayilo. Wodwalayo mufunseni yekha mwaulemu kuti, "Agogo, tatiuzani dzina lanu, nanga diso limene tikukonza lero ndi liti?" Musawatchulire dzina kuti angovomera, pakuti okalamba ambiri samva bwino, ndipo chifukwa cha ulemu amayankha kuti "eya" pa chilichonse chimene namwino wanena. Paketi yam'kati itsegulidwe pokhapokha ng'ala itatuluka ndipo dokotala waona kuti khoma lakumbuyo lili bwinobwino.

Kuyala tebulo

Yalani zida motsatira ndondomeko imene dokotala azifunire, kuyambira kumanzere kumka kumanja, nsonga zonse zitaloza mbali imodzi ndipo zitagona pa mphasa ya silikoni kapena nsalu yosayoyola ulusi. Dokotala akaika maso pa maikulosikopu sayenera kudzutsanso mutu, choncho chida mumamuika m'zala chitaloza kale kumene chikupita, ndipo mpeni mumanena kuti ndi mpeni musanaupereke. Magolovesi akhale opanda ufa, chifukwa ufawo ukalowa m'diso umalitupitsa.

Diso likatsukidwa ndi povidone iodine, wa 10 peresenti pakhungu ndi wa 5 peresenti m'kati mwa zikope, n'kufundidwa nsalu, choyamba ndi kawaya kotsegulira zikope ka Barraquer. Madokotala ambiri amatsatiza ulusi wa silika wa 4-0 wokolera mnofu wa pamwamba pa diso kuti lisayendeyende. Kenako pamabwera sizasi ya Westcott ndi forceps (kachida kopanira) ya mano yotsegulira kakhungu kokuta choyera cha diso, chowotchera timitsempha totuluka magazi, ndi choyezera cha Castroviejo chimene muchitchere pa mamilimita 6 kapena 6.5 malinga ndi kukula kwa ng'ala ndi kufuna kwa dokotala. Izi n'zosavuta kuzikumbukira.

Mipeni ndi itatu kapena inayi, ndipo oyamba kumene amaisokoneza. Crescent ili ndi mutu wobulungira, ndipo imakumba kanjira m'kati mwa choyera cha diso kuyambira pafupifupi mamilimita awiri kuseri kwa malire a cornea mpaka kulowa pang'ono mu cornea mwenimwenimo. Kampeni ka madigiri 15 kamaboola khomo lam'mbali. Keratome, imene mutu wake uli ngati mkondo ndipo m'lifupi mwake ndi mamilimita 2.8 mpaka 3.2, imalowa kumapeto kwa kanjira kaja n'kutsegula chipinda cha kutsogolo kwa diso, ndipo ena amakulitsa khomolo ndi mpeni wa 5.2 wobuntha kunsonga. Kanjirako kakakumbidwa bwino kamadzitseka kokha chifukwa cha mphamvu ya madzi a m'diso, n'chifukwa chake sipafunika kusoka. Mpeni uliwonse umene watha kuthwa umang'amba denga la kanjirako kapena kulowa msanga m'diso, chakuda cha diso n'kuyamba kutulukira pabala, ndipo zikatero kuika lenzi kumasanduka nkhondo. Mipeni imeneyi inapangidwa kuti igwire ntchito kamodzi, ndipo mukaona dokotala akukankha mwamphamvu kuti udule, mupatseni wina asanachite kupempha.

Potsegula kathumba, ng'ala ikakhala yoyera amayamba wathira utoto wa trypan blue kuti khoma lakutsogolo lioneke, kenako visco, mankhwala onanda aja amene amakhuthaza chipinda ndi kuphimba maselo a cornea. Chodulira kathumbako ndi singano ya nambala 26 kapena 27 yopindidwa kunsonga, kapena forceps ya Utrata imene nsonga zake n'zazing'ono moti kuwonongeka kwake simungakuone ndi maso okha. Kudula khomo lozungulira lopanda mano, kumene Howard Gimbel ndi Thomas Neuhann anafalitsa m'ma 1980, ndi kumene kumapangitsa kuti lenzi ikhale pakati osasuntha, koma Utrata imene nsonga zake sizikumana imangotsetsereka pa kathumbako, ndipo dokotala akapanikiza kwambiri mng'alu umathawira kumbali. Zotsatira pa tebulo ndi kachubu kobuntha kolekanitsira ng'ala ndi madzi, kangowe ka Sinskey kotembenuzira ng'alayo kuti ikwere kutsogolo, vectis yonga kasupuni koboola yoitulutsira, ndi Simcoe yoyamwira zotsalira zofewa. Simcoe ili ndi timipaipi tiwiri tomamatirana, kena kothira madzi ochokera ku diripi, kena koyamwa kudzera pa kabowo kosakwana theka la milimita. Muiyese musanaipereke: tsegulani madzi muone ngati akutuluka mowongoka, yamwani ndi sirinji mumve ngati ikukoka, ndipo chotsani mpweya wonse m'mipaipi.

Masirinji onse alembedwe. Madzi a BSS (madzi amchere opangidwira m'diso) kapena Ringer's lactate, mankhwala ochititsa dzanzi, mankhwala ophera tizilombo ndi ena ochepetsa kamwana ka diso, onsewa m'sirinji amaoneka ngati madzi akumwa, ndipo sirinji imene mwaikayikira muitaye.

Kupereka lenzi ya PMMA

Zotsalira zikatha, dokotala amadzaza kathumba ndi visco kuti katseguke, ndipo apa ndi pamene mumatsegula lenzi. Lenzi ya PMMA yofala ili ndi thupi lozungulira la mamilimita 6 ndi timiyendo tiwiri tokhota, ndipo kutalika kwake konse ndi mamilimita 12.5 kapena 13. Potsegula kabokosi kake chitani pang'onopang'ono muli pamwamba pa tebulo, chifukwa pulasitiki youma imadumpha, ndipo lenzi imene yagwera pansi kapena pa nsalu yokhudza zikope yatha ntchito. Malenzi saphikidwanso. Igwireni ndi forceps yopanda mano, monga ya Kelman-McPherson kapena yopangidwira malenzi, m'mphepete mwa thupi kapena pa kamwendo, osati pakati pamene kuwala kumadutsa. Itsukeni ndi madontho a BSS kuti isakoke tifumbi, n'kudonthezapo visco pang'ono.

Lenzi ili ndi nkhope ndi msana. Timiyendo ta malenzi ambiri timapendekera kutsogolo ndi madigiri 5 mpaka 10 kuti thupi litsamire khoma lakumbuyo, kutali ndi chakuda cha diso, ndipo ikalowa chagada thupilo limatsogola, mphamvu yake imasintha, nthawi zina n'kutsekereza kamwana ka diso. Chizindikiro chake n'chimodzi: mukaiyang'ana kuchokera pamwamba, timiyendo tizioneka ngati chilembo cha S cholembedwa chobwerera, kapena kuti ngati Z. Ikaoneka ngati S yeniyeni, ndiye kuti yatembenuzika. Dokotala amalowetsa kamwendo kotsogola pansi pa mkombero wa kathumba, thupi n'kutsatira, kenako amafuna Sinskey nthawi yomweyo kuti akole pa kabowo ka m'mphepete mwa lenzi kapena pamphambano ya thupi ndi kamwendo, n'kuizungulitsa motsata kayendedwe ka wotchi mpaka kamwendo kachiwiri katagwera m'kathumba. Choncho popereka lenzi ndi dzanja limodzi, Sinskey ikhale ili kale m'dzanja linalo.

Kulonga lenzi yopinda

Pa phaco khomo limakhala la mamilimita 2.2 mpaka 2.8, ndipo lenzi ya mamilimita 6 imadutsapo itakulungidwa m'katiriji, kachubu kapulasitiki kolongamo lenzi, ikukankhidwa ndi injector, chida chokhala ndi kandodo kokankhira. Malenzi ena amabwera atalongedwa kale, koma ambiri amalongedwa ndi namwino, ndipo pano ndi pamene luso la dzanja lanu limaonekera. Yambani mwatsimikiza kuti katiriji ndi ya lenzi imeneyo ndi injector imeneyo, pakuti za makampani osiyana sizigwirizana ngakhale zitaoneka ngati zikulowerana. Dzazani katiriji ndi visco kuyambira kumlomo mpaka kumbuyo, osasiya malo ouma. Tolani lenzi ndi forceps yosalala ndiponso yonyowa, muiike nkhope ili kumwamba mofanana ndi chithunzi chimene chajambulidwa pa katirijiyo. Pa lenzi ya acrylic ya chidutswa chimodzi, timiyendo timapindidwira pamwamba pa thupi, makamaka kakumbuyo, kuti kandodo kokankhira kasakapane. Pa katiriji yamapiko, kanikizani m'mphepete mwa lenzi kuti zilowe pansi pa timizere tiwiri, n'kutseka mapiko mukuyang'anitsitsa kuti kamwendo sikanapanidwe pakati.

Mukalowetsa katiriji mu injector, kankhani kandodo pang'onopang'ono mukuyang'ana pa kuwala, makamaka pansi pa maikulosikopu ngati mpata ulipo. Kandodoko kayenera kukankha lenzi kumbuyo kwake. Kakakwera pamwamba pa thupi kapena kulowa pansi pake, bwezani muyambirenso, chifukwa kumeneko ndiko kumang'amba lenzi kapena kudula kamwendo. Mukamva kulimba kosazolowereka, imani. Lenzi yopanikizika imatha kuswa mlomo wa katiriji, kapena kufwamphuka mwamphamvu m'diso n'kuboola khoma lakumbuyo. Musalonge msanga n'kuisiya ikudikira kwa mphindi zambiri, popeza visco imauma ndipo lenziyo imamatirira. Lenzi ya acrylic yokana madzi imauma gwa ikazizidwa, ndipo m'miyezi ya June ndi July, kapena m'fiyeta imene makina oziziritsa atsitsidwa kwambiri, imavuta kupinda ndipo imachedwa kutambasuka, choncho isungeni pamalo osazizira kufikira nthawi yake. Ya acrylic yokonda madzi imabwera m'kabotolo ka madzi, ndipo siyenera kuuma ngakhale pang'ono. Popereka injector, mlomo wake wosongoka mopendekera uyang'ane pansi, ndipo ngati ndi yopotokola, gwirizanani ndi dokotala za amene apotokole.

Lenzi ikakhazikika, visco yonse iyenera kuyamwidwa, ya kutsogolo ndi ya kuseri kwa lenzi yomwe, chifukwa yotsalira imatseka njira za madzi a m'diso, mphamvu ya m'diso n'kukwera usiku womwewo, wodwala n'kugona akumva mutu ndi kusanza. Pomaliza zipatala zambiri zimathira m'chipinda cha kutsogolo cefuroxime wokwana miligalamu 1 mu mililita 0.1, kutsatira kafukufuku wamkulu wa bungwe la ESCRS ku Ulaya amene anatuluka mu 2007 n'kuonetsa kuti matenda a mafinya m'diso anachepa pafupifupi kasanu, pamene zina zimagwiritsa ntchito moxifloxacin. Kusungunula mankhwalawa kuchitike motsatira pepala lolembedwa, anthu awiri akuonerera, chifukwa kupyoza muyezo kumawononga retina, kakhungu ka kumbuyo m'kati mwa diso kamene kamalandira kuwala.

Khoma lakumbuyo likang'ambika

Izi zimachitikira dokotala aliyense, ndipo chimene chimasiyanitsa fiyeta yokonzeka ndi yosakonzeka n'chakuti zida zadzidzidzi zili pafupi kapena ayi. Mukamva kuti kathumba kang'ambika, musafunse zambiri: perekani visco ina, tsitsani botolo la diripi ngati mwauzidwa, ndipo konzani vitrector, makina odulira ndi kuyamwa zonanda za kuseri kwa kathumba zimene zimatulukira pong'ambikapo, kapena sizasi ya Vannas ndi timasiponji kumene makinawo kulibe. Lenzi imene munakonza ikhoza kusintha. Ngati mkombero wa kutsogolo uli wolimba, lenzi ya PMMA kapena yopinda ya zidutswa zitatu imatha kukhala mumpata wa kutsogolo kwa kathumba wotchedwa sulcus, ndipo mphamvu yake imatsitsidwa ndi theka la dioptre kapena dioptre imodzi popeza yasendera kutsogolo. Ya acrylic ya chidutswa chimodzi siyiikidwa mu sulcus, chifukwa timiyendo take tonenepa timakhula kuseri kwa chakuda cha diso n'kuyambitsa kutupa, magazi ndi kukwera kwa mphamvu ya m'diso. Ngati palibe potsamira konse, amaika lenzi ya chipinda cha kutsogolo, imene nambala yake ya A ndi yotsika, pafupifupi 115, ndiye mphamvu yake imakhala yocheperapo ndi ma dioptre atatu kapena kuyandikira pamenepo. Pa lenzi imeneyi konzani mankhwala ochepetsa kamwana ka diso, kapepala kapulasitiki kotsetserekerapo lenzi kotchedwa Sheets glide, sizasi ya Vannas yoboolera kabowo m'mphepete mwa chakuda cha diso, ndi ulusi wa nayiloni wa 10-0 pamodzi ndi chogwirira singano chake.

Kutsuka

Gawo ili ndi limene ndikufuna mulisunge kwambiri, chifukwa ntchito yotsuka kawirikawiri imasiyidwira munthu wamng'ono pa onse, atatopa, enawo atapita kukadya. Tsiku lina m'mawa, pa chipatala china chimene ndinkagwirako ntchito, tinamasula mabandeji a odwala a dzulo lake ndipo tinapeza angapo otsatizana pa mndandanda cornea yawo itachita chifunga kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Sankadandaula ululu waukulu, koma mayi wina wachikulire anakweza dzanja lake kutsogolo kwa nkhope, nalitembenuza kawiri, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwanangu, kodi utsiwu uchoka?" Opaleshoni zonse zinali zitayenda bwino, malenzi ali pakati. Titalondola, tinapeza kuti timachubu tinaviikidwa m'madzi a sopo limodzi ndi zida zina, tinangotsukuluzidwa kunja kokha n'kuphikidwa. Kutentha kunapha tizilombo, koma sopo wotsalira m'kati analowa m'maso mwa anthu.

Vuto limeneli limatchedwa TASS. Limaoneka pakati pa maola 12 ndi 48 opaleshoni itachitika, mosiyana ndi matenda a tizilombo amene kawirikawiri amaonekera pakadutsa masiku atatu kapena kuposa ndipo amapweteka kwambiri. Zoliyambitsa ndi zinthu zimene autoclave, makina ophikira zida ndi nthunzi, siingachotse: visco youma imene yaphikidwa, sopo ndi mankhwala otsukira okhala ndi ma enzyme, mankhwala oviikamo zida monga glutaraldehyde, ufa wa magolovesi, ndi poizoni wa tizilombo takufa wochokera m'madzi okhalitsa. Diso ndi kachipinda kakang'ono kotsekeka, moti kadontho kamene pamimba kapena pamwendo sikangachite kanthu, m'diso kamapha maselo aja osabadwanso.

Kutsuka kumayambira pa tebulo pomwepo, opaleshoni ili m'kati. Chida chikabwerera m'manja mwanu, chipukuteni ndi kasiponji konyowa kosayoyola ulusi, kuchokera kumbuyo kumka kunsonga. Gozi musaigwiritse ntchito pa nsonga zopyapyala, chifukwa ulusi wake umakola timano n'kutipinda. Kachubu kalikonse kamene kadutsamo visco kapena zotsalira za ng'ala kapopedwe madzi nthawi yomweyo, zisanaume, ndipo zida zodikira kutsukidwa zikhale m'madzi oyera otchezedwa, osati mu saline kapena BSS, pakuti mchere umadya chitsulo ndipo ukauma umatseka timabowo. Simcoe ipopedwe mbali zonse ziwiri ndi madzi ambiri otchezedwa, madziwo akugwera m'sinki osati kubwerera m'mbale imene mukutungamo, kenako ipopedwe mpweya ndi sirinji youma mpaka dontho lomaliza litatuluka. Pa chogwirira cha phaco ndi cha kuyamwa, malangizo ofala ndi akuti pa njira iliyonse padutse madzi osachepera mamililita 120. Kachubu kamene katseka ndipo sikakutseguka katayidwe, ndipo kumene ndalama zilola, timachubu ting'onoting'ono tikhale togwiritsa ntchito kamodzi. Madzi a pampopi kapena a pamjigo akhoza kuchotsa litsiro loyamba pa zida zopanda mibowo, koma kutsukuluza komaliza kukhale kwa madzi otchezedwa opanda tizilombo, chifukwa madzi a pansi pa nthaka amasiya mchere woyera m'mahinjesi. Ngati muli ndi beseni la ultrasonic, madzi ake akhuthulidwe, beseni litsukidwe ndi kuumitsidwa tsiku lililonse, ndipo zida zisagundane m'katimo.

Injector yachitsulo imaiwalika kawirikawiri. Kandodo kake kamatuluka katapakika visco, ndipo ikaumira pamenepo n'kuphikidwa imakanda lenzi yotsatira kapena kugwera m'diso ngati kachidutswa. Imasuleni monga mwa malangizo ake, tsukani nsongayo ndi kaburashi kofewa, ndipo muone ngati siinapindike. Katiriji ndi ya ntchito imodzi.

Zida zikauma, ziyang'aneni pansi pa maikulosikopu kapena galasi lokulitsa musanazilongedze. Tsekani Utrata ndi McPherson pang'onopang'ono muone ngati nsonga zikukumana ndendende, yang'anani Sinskey ngati kansonga kake sikanachite mano, dulani kathonje konyowa ndi Vannas muone ngati ikudula mpaka kunsonga osatafuna. Zida za titanium, zimene nthawi zambiri zimakhala zobiriwira ngati thambo, n'zopepuka ndipo sizichita dzimbiri, koma nsonga zake zimapindika mosavuta mofanana ndi zachitsulo. Chilichonse chivekedwe kachipewa ka silikoni koboola ndi kugonekedwa pa mphasa yake m'thireyi, mahinjesi ali otsegula, cholemera chisasanjikizidwe pa chopepuka. Izi n'zofunika koposa pa maulendo opita ku zipatala za m'maboma, pamene bokosi la zida limayenda makilomita ambiri pa msewu wa mabampu, ndipo chida chimodzi chomasuka m'thireyi chimatha kuwononga anzake onse musanafike.

Pophika, autoclave yochotsa mpweya imafuna madigiri 134 kwa mphindi zosachepera zitatu, pamene pa madigiri 121 pamafunika mphindi zosachepera 15, ndipo zida zokulungidwa m'makina osachotsa mpweya zimafuna nthawi yotalikirapo. Nthawiyo imayamba kuwerengedwa kutentha kukafika pa muyezo, osati pamene mwatseka chitseko, ndipo magetsi akazima pakati, kuphikako kuyambirenso. Tepi ya kunja ikasintha mtundu imangosonyeza kuti paketiyo inakumana ndi nthunzi, choncho m'kati muikenso chizindikiro china. Paketi yotuluka yonyowa iwerengedwe ngati yosaphika. Madzi a m'thanki ya makinawo asinthidwe pafupipafupi monga mwa malangizo ake. Zida zizizire musanazipereke, chifukwa chitsulo chotentha chimawotcha cornea, ndipo njira yabwino yopewera kuthamangitsa makina pa tsiku la odwala ambiri ndi kukhala ndi mathireyi atatu kapena anayi osinthanasinthana.

Thireyi iliyonse ikhale ndi nambala, ndipo m'buku la fiyeta, pambali pa dzina la wodwala, mulembe nambala ya thireyi imene yagwiritsidwa ntchito, ulendo wa autoclave umene inaphikidwira, nambala za botolo la madzi ndi visco, n'kumatapo kapepala kochokera m'bokosi la lenzi. Pa tsiku lija la chifunga, buku limeneli ndi limene linatisonyeza kuti odwala onse okhudzidwa anachitidwa ndi mathireyi awiri okha, ndipo mathireyiwo tinawachotsa pa ntchito m'mawa womwewo wodwala wina asanagone pa tebulo.